Masamba a Chidindo pa Maliro a Wadisoni

Mu Ufumu wa Ingomverani, kumene ngakhale mvula imagwa mothokoza Mfumu Sindilakwa Wachiwiri, munali mwambo umodzi umene sunalembedwe m'buku lililonse la boma, ndipo mwina n'chifukwa chake unkayenda bwino. Pakhomo pakagwa zovuta, anamfedwa ankathyola nthambi za masamba aawisi n'kuziyala modutsa njira, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba. Wapanjinga akaziona ankatsika n'kumaikankha. Wachipewa ankavula. Wagalimoto ankazimitsa wailesi n'kudutsa pang'onopang'ono, ndipo ngakhale chidakwa chinkasunga nyimbo yake mpaka chitapitirira. Munthu unkatha kukhala moyo wako wonse anthu akukugunda ndi zigongono, koma tsiku limenelo aliyense ankakupatsa ulemu, wokudziwa ndi wosakudziwa yemwe.

Mayi Felesiya Kachingwe, wogulitsa ndiwo zamasamba pa msika wa Tsitsaniko mumzinda wa Patukani, ankafuna chimenecho basi pa maliro a mwamuna wake: kuti odutsa atsike panjinga. Koma kuti mumvetse mmene chinthu chaulere chotere chinafikira pofuna fomu ndi chidindo, tiyambire pa tingolo.

Tingoloto tinabwera chaka chimene mfumu inakayenda kunja n'kubwerako ili ndi manyazi. Kumeneko inaona timabokosi ta matayala asanu ndi limodzi, tolekeza m'mawondo, toyendera magetsi, tikuyenda tokha m'tinjira ta anthu oyenda pansi titanyamula katundu. Pobwerera kwawo inasuzumira pawindo la galimoto n'kuona amuna akukankha mawilibala, thukuta lili kamukamu, ndipo inalengeza pomwepo kuti dziko lotukuka silituluka thukuta. Mlamu wake wa mfumu, amene mwamwayi chabe anali atangotsegula kampani yotchedwa Fulumirani sabata yomweyo, anaitanitsa tingolo mazana atatu.

Anthu a ku Patukani sachedwa kupereka dzina. Tingoloto anatitcha tiapongozi, chifukwa kangolo kakakumana nawe panjira kankaima chapatali, osakuyang'ana, osakupatsa moni, mpaka utadutsa. Pamizere yoyera yowolokera msewu kankachitanso chimodzimodzi. Kakamayenda kankaimba kanyimbo kotamanda mfumu, kakaima kanyimboko kankathanso. M'mimba mwake munkakhala mankhwala, buledi, makalata, ndiponso nkhuku yootcha ya nkhomaliro ya kunyumba yachifumu. Zambiri mwa zimenezi kale ankanyamula ndi Wadisoni Kachingwe, mwamuna wa Felesiya, ndi anzake a mawilibala. Tsopano amunawo ankangoswera pansi pa mtengo wa mango pachipata cha msika akusewera bawo, mawilibala atawagadamitsa.

Mlandu woyamba unabuka pa maliro a mkulu wina wa mpingo. Kangolo kena kanafika pa masamba, kanawaponda, n'kudutsa pakhomo penipeni pa siwa kakuimba kuti mfumu ndiye kuwala kwa dziko, katanyamula keke ya ukwati. Adzukulu, amene anali atangobwera kokumba manda ndipo mitima inali kale m'mwamba, anakagwira n'kukaponya m'ngalande. Nkhani inafika kubwalo la nduna.

Woyamba kuimirira anali Nduna ya Tinjira ndi Powolokera Msewu, Olemekezeka a Mtsekanjira, munthu amene chilandirireni udindowo phazi lake linali lisanapondepo kanjira kalikonse.

"Mfumu yanga, mwini nthaka ndi fumbi lake lomwe," anayamba motero, "ndafufuza mozama. Vuto si kangolo ayi. Vuto n'lakuti kangoloko kalibe chipewa. Munthu akafika pa masamba amavula chipewa. Nanga kopanda chipewa kavule chiyani?"

Nduna zonse zinawomba m'manja, ina mpaka inapukuta misozi. Boma linagula zipewa mazana atatu n'kuzimata pa tingolo ndi guluu. Panatha masabata awiri wina asanazindikire kuti tingolo tilibe manja ovulira. Motero tiapongozi tinayamba kuponda masamba a maliro titavala zipewa, chipongwe chimene mumzindawo chinali chisanaonekepo.

Bwalo linakhalanso. Ulendo uno anaitana injiniya wa kampani ya Fulumirani, mayi wosakonda zolankhulalankhula, amene anadikira maola atatu kuti nduna zimalize kupereka moni kwa mfumu.

"Kuvula sikangathe," anatero mayiyo. "Chimene tingakaphunzitse n'kuima. Kakaona masamba aawisi modutsa njira, kaziima, kazikhala chete mpaka masambawo atachotsedwa."

Mfumu inakhosomola n'kunena kuti zimenezo n'zimene inali pafupi kunena. Madzulo ake wailesi inalengeza Lamulo Loyamba la Tingolo, ndipo inaonjezera kuti Ingomverani ndi dziko loyamba pansi pa thambo kukhala ndi makina odziwa kukhuza maliro.

Lachisanu lotsatira Felesiya ankalowa mumsika atasenza dengu, ndipo mtolo wa nkhwani unagwa n'kumwazika pakanjira. Asanatule n'komwe denguyo, kangolo kena kanafika n'kuima. Kachiwiri kanaima kumbuyo kwake, kachitatu chimodzimodzi, tonse tili zii.

Wadisoni, pansi pa mango paja, dzanja linauma lili m'mwamba, nkhomo za bawo zili m'manja.

"Amayi, musatole kaye," anatero.

"Ndisatole bwanji? Mukufuna anthu apondepo ndiwo zanga?"

"Tangoyang'anani kumbuyo kwanuko."

Felesiya anayang'ana tingolo, kenako anayang'ana mwamuna wake. Anali atakhala naye zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo nkhope imeneyo ankaidziwa.

"A Kachingwe, zimene mukuganizazo ndazimva kale, ndipo n'zoipa. Masamba si oseweretsa. Mufuna kutiitanira maliro pakhomo?"

"Maliro ake alipo kale, amayi. Ntchito yanga inafa mwezi wa Malichi. Mwaonapo munthu atabwera kudzapepesa?"

M'mawa mwake mtengo wa mango unali utametedwa mpala. Pofika kumapeto kwa sabata yotsatira, mumzinda wonse munalibe nthambi yotsala pamene dzanja la munthu lingafike. Pakona iliyonse panali masamba, ndipo kuseri kwa masambawo kunali tiapongozi titandandalika ndi zipewa zawo za boma, kulira maliro opanda mtembo. Eni masitolo anayambanso kukuwa kuti, "Wilibala! Wilibala!" Wadisoni anayamba kubwera kunyumba ndi shuga, tsiku lina ndi nyama yomwe. Felesiya ankadandaulabe, koma tisaname, nyamayo anadya nawo.

Chimene a mawilibala sanachiganizire ndi anthu. Masiku oyamba apanjinga ankatsika pakona iliyonse. Wakabaza wina anakankha njinga yake kuchokera kudepoti mpaka kuchipatala, kasitomala akuyenda pambali pake, onse atavula zipewa. Sabata yachiwiri anthu anayamba kufunsa kaye kuti, "Watisiya ndani?" n'kuyankhidwa kuti, "Palibe, achimwene, ndi za tiapongozi izi." Pofika sabata yachitatu palibe ankafunsanso, ndipo palibe ankatsikanso.

Nkhuku ya kunyumba yachifumu itajomba masiku atatu otsatizana, mfumu inaganiza zokaona anthu ake. Inazungulira mzinda pagalimoto, magalasi ali otseka, ndipo kulikonse inaona masamba.

"A Mtsekanjira, kodi anthu anga akutha?"

"Kutalitali, mfumu yanga. Mu ulamuliro wanu anthu akufa ochepa kwambiri, ndipo ochepawo akufa ali okhutira."

"Nanga masambawa?"

"Adani a chitukuko, mfumu yanga. Akunamizira maliro kuti inu musadye."

Apo ndiye nkhani inakula. Lamulo Lachiwiri la Tingolo linatuluka tsiku lomwelo, ndipo woulutsa mawu analiwerenga mpaka mawu anasasa. Kuyala masamba aawisi panjira kunakhala mlandu. Masamba a maliro ovomerezeka anakhala apulasitiki, okhala ndi chidindo cha mfumu, obwereka ku Ofesi ya Masamba, ndipo tingolo tinaphunzitsidwa kuima pa amenewo okha. Wofuna masambawo ankayenera kulemba fomu masiku asanu ndi awiri imfa isanachitike, kuti ofesi ikonzekere. Ndipo poti a mawilibala anaonetsa kusayamika, mawilibala onse analetsedwa kuyenda m'tinjira ndi pamizere yoyera. Malo awo anakhala mumsewu, pamodzi ndi malole.

Kumsika lamulolo analilandira mwaulemu, monga mwa nthawi zonse.

"Ndiye kuti tizifa chopangana tsiku?" anafunsa mayi Esinati, wogulitsa tomato pafupi ndi Felesiya.

"Ine ndikalemberatu fomu ya landilodi wanga," anatero wogulitsa usipa. "Mwina boma likadinda zingatheke."

Anthu anaseka, Wadisoni naye anaseka. Lachiwiri m'mawa anapeza ganyu yonyamula matumba awiri a makala, katundu amene tingolo sitinkamukwanitsa. Anakankha wilibala yake mumsewu wa Chitukuko monga lamulo linanenera, kanjira ka pambali pake kali pululu, mukuyenda kangolo kamodzi kokha konyamula envulopu. Minibasi ziwiri zinatulukira zikulimbirana okwera. Apa palibe choseketsa. Wadisoni anamwalira asanafike naye kuchipatala, ndipo makala aja anthu anatola.

Lachitatu m'mamawa Felesiya anamanga mpango kumutu n'kupita ku Ofesi ya Masamba, Esinati atamugwira mkono. Anapeza kalaliki akumwa tiyi ndi chinangwa.

"Tikuthandizeni, mayi?"

"Zovuta, bwana. Amuna anga atisiya dzulo. Ndimati mundibwerekeko masamba."

"Pepani kwambiri. Malemuwo fomu analemba liti?"

"Sanalembe, bwana. Sankadziwa."

"Eee, anthu inu kusakonzekera!" anatero kalalikiyo akupukusa mutu. "Chabwino, lembani lero. Mudzatenge Lachitatu sabata yamawa."

"Maliro tiika mawa, bwana."

"Ndiye ofulumira ndinu, si ofesi."

Felesiya anagwada pasimenti. Sanalire, anangogwada. Kalalikiyo sanali munthu woipa mtima, anali chabe munthu wa pantchito. Anayang'ana kuchitseko n'kutsitsa mawu.

"Mayi, dzukani, ndikutsineni khutu. Ngakhale mukanalemba chaka chatha simukanawapeza. Masamba a chidindo dziko lonse lino alipo anayi. Awiri ali pakhomo pa a Nduna a Mtsekanjira, akuti kanyimbo ka tingolo kamawasokoneza tulo ta masana. Enawo anatenga alamu awo a mfumu, kwawo kuli chinkhoswe."

Nyumba ya a Kachingwe inali ya chipinda chimodzi, ndipo chitseko chake chinkatsegukira pakanjira penipeni, pamene pamayambira mizere yoyera yowolokera kumsika. Felesiya atabwerera anapeza thupi lafika, amayi a mpingo akuimba m'nyumba. Panja tingolo tinkangodutsa, kena kupita uku kena uko, tikuimba za kuwala kwa dziko, moti amayi aja ankachita kukweza mawu kuti amvane.

Anzake a Wadisoni sanapirire. Mmodzi anayenda mpaka kunja kwa mzinda kukapeza mtengo wotsala ndi nthambi, n'kubwera nayo ataibisa m'thumba. Anaiyala panjira, lamulo kaya likhalepo. Kangolo koyamba kanaiponda n'kupitirira. Kenako panatulukira bambo wina panjinga, wachikulire ndithu, wooneka kuti kwawo analeredwa. Anaiona nthambiyo, anaimba belu, n'kuizemba.

"Mwayambanso, a mawilibala inu?" anakuwa akuseka, osaleka kupalasa.

Felesiya anamva ali m'nyumba, atakhala pafupi ndi bokosi. Za kangolo sizinamupweteke kwenikweni, poti kangolo sikanabadwe kwa munthu. Koma kuseka kwa bambo uja kunamulasa mumtima, makamaka chifukwa ankadziwa amene anaphunzitsa mzinda wonse kuseka masamba, ndipo munthuyo anali gone m'bokosimo. Anamukwiyira mwamuna wakeyo, n'kumumveranso chisoni nthawi yomweyo.

Anadzuka n'kutuluka. Anatola nthambi ija ndi manja ake n'kuiponya padenga. Kenako anakonza chitenje, n'kukhala pansi pakanjira pomwepo, miyendo atatambasulira pamzere woyera woyamba.

Kangolo kanabwera, kanafika chapafupi, kanaima, ndipo kanyimbo kanaduka. Esinati anaona zimenezo ali pakhomo. Sanafunse kanthu, anangopita kukakhala pambali pa mnzakeyo. Amayi a mpingo anatuluka mmodzimmodzi, ena anachokera kumsika atasiya malonda awo, mpaka kanjira konse ndi mizere iwiri yoyamba zinadzaza zitenje. Pofika masana tingolo toposa makumi asanu ndi limodzi tinali titaima mbali zonse ziwiri, tili chete, ndipo nyimbo ya amayi inayamba kumveka mpaka kumsika.

Wakabaza wina anafika ali pa liwiro, n'kugwira mabuleki. Anayang'ana pansi, sanaone tsamba ngakhale limodzi. Anayang'ana mzere wa tingolo uja.

"Tiapongozi taima popanda masamba?" anatero kwa kasitomala wake. "Tsikani, bwana. Awa ndi maliro enieni."

Anatsika onse awiri, wakabazayo n'kuvula kapusi. Wobwera pambuyo pake anatsikanso. Dalaivala wa minibasi anazimitsa wailesi, kondakitala n'kumeza mawu ake. Anthu amene anali atasiya kukhulupirira masamba a makolo awo anakhulupirira makina a mlamu wa mfumu, ndipo ine sindikudziwa ngati zimenezi n'zosekera kapena zolirira. Felesiya ataona njinga yachisanu ikukankhidwa, m'pamene analira kwenikweni, kulira kumene kunamukanika chimwalirireni mwamuna wake.

Cha m'ma thuu koloko kunabwera Sajeni Kaliwo wa polisi ya m'tinjira, atatumidwa ndi a Nduna eniake, buku la malamulo lili m'khwapa.

"Masamba ali kuti?" anafunsa.

"Palibe masamba pano, bambo," anayankha Esinati. "Fufuzani."

Sajeniyo anafufuza ndithu, mpaka anapempha amayi awiri kuti asunthe pang'ono. Sanapeze kanthu.

"Nanga mukutani panjira?"

"Tikuwoloka, bambo."

"Kuwoloka mutakhala pansi?"

"Miyendo yathu ndi yakale, bambo. Timawoloka mopumira."

Sajeni Kaliwo anatsegula buku lake n'kuyendetsa chala. Lamulo linkati kangolo kadikire mpaka munthu atamaliza kuwoloka. Anatembenuza tsamba, anabwereranso, koma sanapeze pamene panalembedwa kuti munthu amalize nthawi yanji. Nduna zinali zitaiwala, poti pakati pawo panalibe amene anawolokapo msewu wapansi.

Anapita pamene panali Felesiya n'kunjuta.

"Mayi, ndinu anamfedwa?"

"Ndine, bambo."

"Mumaliza liti kuwoloka?"

"Mawa, tikanyamula bokosi."

Sajeniyo anatseka buku lake. Anayang'ana anthu akukankha njinga, amuna atagwira zipewa pachifuwa. Kenako anavula chake, anapita kumene kunakhala amuna, iwo n'kumusunthira pabenchi. Foni yake italira anaiyankha motsitsa mawu.

"Inde, bwana, ndafika. Ayi, bwana, masamba palibe. Akuwolokabe, bwana."

Lachinayi masana bokosi la Wadisoni linatuluka pamapewa a anzake a mawilibala, n'kuwoloka pamizere yoyera imene mwini wake analetsedwa kupondapo. Msika unatseka. Msewu wa Chitukuko unaima wonse popanda wapolisi woimitsa, ndipo okalamba ankati chiyambire mzindawo sanaonepo munthu wa wilibala ataperekezedwa chotero.

Koma nkhuku ya kunyumba yachifumu inali itajombanso masiku awiri, ndipo zotere sizipita pachabe. Bwalo la nduna linakhala mwadzidzidzi. A Mtsekanjira anafotokoza kuti afufuza mozama ndipo apeza kuti vuto ndi anthu, amene akugwiritsa ntchito tinjira ta oyenda pansi ngati kuti ndi tawo. Lamulo Lachitatu la Tingolo linati munthu aziwoloka msewu m'masekondi asanu ndi anayi, wokalamba ndi wodwala yemwe, ndipo pofuna chilungamo lamulolo linayamba kugwira ntchito sabata yapitayo. Sajeni Kaliwo anamusamutsira kumalire a dziko, kumene kulibe msewu.

Apolisi anamutenga Felesiya Lolemba, akadali ndi mpango wakuda kumutu. Khoti linadzaza anthu a kumsika. Woweruza anawerenga mlandu wake: kuwoloka msewu kwa tsiku limodzi ndi theka, ndiponso kuchititsa katundu wa boma kukhuza maliro opanda chilolezo. Chilango chinali kusesa masamba onse ogwa okha m'tinjira ta mzinda kwa miyezi itatu, kuti tingolo tiziyenda bwino.

"Komabe khoti lino lili ndi chifundo cha mfumu," anatero woweruzayo akuvula magalasi. "Mukanena pamaso pa anthuwa kuti munalakwa ndipo mukumva chisoni, ndikuchotserani miyezi iwiri. Mukuti bwanji, mayi?"

Felesiya anaimirira, manja ali kumbuyo mwaulemu.

"Chisoni ndili nacho chambiri, bwana, koma ndi cha amuna anga, sichingakwanire kugawirako khoti."

"Ndiye kuti simukulapa?"

"Anthu anatsika panjinga, bwana. Ndinawaona ndi maso angawa." Anakonza mpango wake n'kuyang'ana kwa wapolisi amene anaima pakhomo. "Tsache lili kuti, bambo?"